Neti Yathu Ili ku Dambo

Lolemba, sabata yoyamba ya Novembala

M'mawa ndili pa mjigo ndi zigubu, a Fombe, alangizi athu a zaumoyo, akuima ndi njinga yawo. Akuti kwabwera mlendo wochokera ku sukulu ya ukachenjede, akuyenda nyumba ndi nyumba kuona maneti a udzudzu aja tinalandira chaka chatha. Mbali yathu ino afika Loweruka.

Ndayankha kuti chabwino. Chigubu chasefukira ine ndikungochiyang'ana.

Neti yathu ili ku dambo. Anabwereka mlamu wanga Zuze, mchimwene wa amake Marita, nthawi yozizira ija udzudzu utachepa. Anati masiku awiri okha. Ine pano ndine mkamwini, nyumba ndinamanga pa malo a apongozi, ndipo Zuze ndiye malume a Marita, mwini mbumba. Mkamwini angakane bwanji? Kuchokera tsiku limenelo neti ikugwira matemba.

Marita, mwana wathu, ali ndi miyezi khumi. Malungo am'gwira kale kawiri. Kachiwiri kaja anam'goneka kuchipatala, anam'baya singano ya madzi pa kadzanja koti sikadzaza n'chikhatho changa chomwe. Mvula ili pafupi. Ikagwa, udzudzu wa kuno suchita kupempha malo.

Zimene akunena amayi pa mjigo:
- "Wopezeka alibe neti, mwana wake am'fufuta m'buku la sikelo."
- "Katemera wa malungo wotsalayo aiwale."
- "Nyumba amaijambula, chithunzi n'kutumiza ku boma."

A Fombe sananene zimenezi. Koma sanakanenso, chifukwa anali atapita kale.

Masana ndamuona mlendoyo pansi pa mtengo wa nimu, pa kachipatala kathu. Mtsikana ndithu. Dzina a Tadala. Chipewa chachikulu, nsapato za mphira, thukuta ngati wagwera mu Shire. Wa kumapiri ameneyu, dzuwa la kuno silikum'dziwa. Ali ndi makapu a pepala ovundikira ndi kansalu, mkatimo udzudzu wamoyo. Akuupatsa madzi a shuga pa thonje. Shuga! Kenako akuufunditsa thaulo lonyowa kuti usamve kutentha. Ine tiyi wa shuga ndinamwa komaliza pa ukwati wa anzanga ku Marka.

A Fombe akuti mtsikanayu akuphunzira za tizilombo komanso za malamulo a boma pa nkhani ya umoyo. Za tizilombozo sindikumva. Mawu oti malamulo ndawamva bwino.

Zoti ndichite lisanafike Loweruka:
1. Kukatenga neti kwa Zuze.
2. Kuchapa.
3. Kusoka ngati yabooka.
4. Kumangirira.
5. Kukhala pakhonde ngati munthu woti palibe chachitika.

Si ntchito yambiri.

Lachiwiri

Kudzuka mbandakucha, kupopa njinga, ulendo wa ku dambo. Dzuwa likutuluka lili lopsa kale.

Zuze ndam'peza m'madzi olekeza m'chiuno. Mnyamata ameneyu chiyambireni usodzi ndi anzake a ku Ndamera, pakamwa pake pamatuluka Chisena chokhachokha, ngakhale moni wa m'mawa. "Shamwali! Mwacherwa? Mwandisowa kapena mwasowa ndiwo?"

Ndati ndabwera kudzatenga neti.

Akuseka. Akuitana anzake kuti amve nawo. Aikokera kumtunda kuti ndione. Si netinso imodzi. Aisoka pamodzi ndi zina ziwiri, pansi amangirira miyala ndi mabatire akutha, pamwamba zidutswa za patapata kuti iziyandama. Yathu inali yobiriwira. Pano zonse zitatu zili ndi mtundu umodzi, mtundu wa matope.

Zuze: "Mbali yanu ndi iti, mlamu? Lozani."

Ndaloza pakati. Akuti pakati ndi pa mnzake. Ndaloza kumanja. Akuti mwina.

Ndafotokoza za mlendo, za buku la sikelo, za katemera. Akuti nkhabe, zabodza zimenezo, boma lilibe nthawi yonunkhiza maneti. Akutinso: "Neti imeneyi ikum'dyetsa Marita yemweyo. Matemba munadya sabata yatha aja anagwidwa ndi pemphero?"

Tinadyadi. Msuzi wake Marita anamwera phala.

Wavomera kusomola mbali yathu mawa, akamaliza kukoka kwa m'mawa. Akuti ndikangomaliza nayo ndibweze, chifukwa mzere ukafupika nsomba zimadutsa kumbali. Ndathokoza. Ndathokoza munthu chifukwa chondibwereka neti yanga!

Wandipatsa matemba m'kajumbo.

Pobwerera minga yalasa tayala lakumbuyo. Kukankha njinga dzuwa lili paliwombo. Mbuzi zonse za m'njira zagona pansi pa mitengo zikundiyang'ana. Ndafika kunyumba matemba atayamba kale kulankhula.

Za pa mjigo lero, malinga ndi amake Marita: mlendo ali ndi kagalasi koyang'anira, amaona ngati mu neti munagonadi munthu kapena ayi. Ena akuti amawerenga zibowo. Amawerengadi, a Fombe avomera, ali ndi kathabwa koyezera kukula kwa chibowo chilichonse.

Kuwerenga zibowo. Munthu kuchoka kutali konseko, kusiya magetsi.

Marita wadzuka ndi tiziphuphu tofiira pa tsaya ndi pa mwendo. Ndam'gwira pamphumi kambirimbiri mpaka amake andiletsa. Sakutentha. Kukutentha ndi kunja.

Lachitatu

Neti yafika ndi mayi wogulitsa nsomba, m'beseni limodzi ndi nsombazo.

Ndaitambasula pabwalo. Zibowo zake:
- zolowa chala, zosawerengeka
- zolowa chibakera, zambiri
- cholowa mutu wanga, chimodzi
- china Marita wakwawa n'kudutsamo osakhudza m'mbali

Zuze akuti chachikulucho unaboola mlamba. Mlamba wake ndikanakonda ndikanauona.

Fungo! Ndachapa ndi sopo yense wa m'nyumba. Ndachapa ndi phulusa. Ndafinyira mandimu. A Fombe ankati neti imachapidwa mofatsa kuti mankhwala asachoke. Mankhwala ake ati? Anathera nsomba kalekale.

Ndayanika pa chingwe. Ntchentche za mudzi wonse zabwera. Amphaka awiri osadziwika akhala pansi pake ngati ali pa msonkhano.

Apongozi adutsa ndi lichero. Ine ndi apongozi sitilankhulana maso ndi maso, ndiwo mwambo. Akakhala ndi mawu amauza nkhuku, kapena galu, ine n'kumva ndili chozondoka. Lero auza nkhuku: "Kodi kwafa chiyani pakhomo pano, osatiuza?"

Nkhuku sinayankhe. Inenso ayi.

Madzulo kusoka. Singano ya matumba, ulusi wosomola ku thumba la feteleza, woyera mbee. Chibowo chilichonse ndikuchikoka milomo n'kumanga. Chikutsekeka bwino ndithu. Koma ndikatseka apa, pambali pakung'ambika. Ndipo neti ikuchepa. Poyamba sindinazindikire.

Amake Marita ayang'ana nthawi yaitali. "Bambo a Marita, mukusoka neti kapena chisoti?"

Akuti akumana ndi a Tadala pa mjigo akusamba kumaso. Awathandiza kupopa. Akuti ndi munthu waulemu, amafunsa mwana dzina, anam'nyamula Marita mpaka Marita anawakoka chipewa. Akuti: "Bwanji tingowauza zoona? Kuti neti inapita ku dambo, basi."

Ndati ayi. Munthu waulemu wokhala ndi cholembera ndiye woopsa, umamuuza zonse usanadziwe. Ndinaona kale pa nthawi ya kalembera wa thandizo la madzi osefukira. Ndinanena zoona kuti tili ndi mbuzi imodzi, dzina langa silinatuluke.

Amake akuti nkhani zake ndi zosiyana. Ndati boma ndi limodzi.

Zala zatupa. Sopo watha.

Lachinayi

Kuyesa kumangirira. Neti sikufika pansi. Yalekera m'malere, ngati siketi ya mwana wa sukulu. Ikhoza kuvundikira beseni, osati mphasa. Marita ali pansi pake akuseka, akukoka ulusi wa feteleza. Ndikuona ndi maso anga udzudzu ukulowa cha kumunsi, kuzungulira, n'kutulukanso osafulumira.

Fungo lilipobe. Tsopano ndi nsomba ya mandimu.

Dzuwa lisanakwere Zuze watulukira. Akuti dzulo wagwira zochepa, anzake akum'dandaula, ngati yandikanika ndim'patse. Ndaimasula, ndaipinda, ndam'patsa m'manja. Ndanena momveka, amake Marita ali pomwepo: "Nyamulani, alamu. Kuyambira lero ndi yanu. Munthu wina aliyense akafunsa, si yanga, sindikuidziwa, sinalowepo m'nyumba muno."

Zuze: "Pyadidi, zili bwino! Mawu amenewo ndawasunga."

Mfundo 1 mpaka 4 zafa. Yatsala ya 5.

Koma pali neti ina pakhomo pano. Ya apongozi. Ikadali m'pepala lake, chilandirireni, pansi pa sutikesi. Iwo salowamo. Amati imatentha, amati munthu wamoyo sagona mokutidwa mbali zonse. Akuisungira alendo. Alendo ake sanabwerebe.

Vuto: mkamwini sapempha chofunda cha apongozi. Ngakhale kuchitchula kumene n'kolemera pakamwa.

Tachita chonchi. Ine ndakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, nkhope kuloza ku khola la mbuzi. Apongozi pa mphasa, akusankha mapira. Amake Marita pakati, kunyamula mawu uku ndi uku, ngakhale tonse tikumvana bwinobwino.

Ndayamba ndi kutentha kwa chaka chino. Kenako mbuzi. Kenako mwana. Neti ndaitchula kumapeto, motsitsa.

Apongozi auza galu: "Ena amapatsidwa zinthu n'kukazimiza m'madzi. Akamaliza amakumbukira nkhalamba."

Sananene kuti womizayo ndi mwana wawo. Galu akudziwa.

Avomera. Malamulo ake:
1. Mkamwini asagonemo. Ngakhale phazi lisalowe.
2. Lamulungu ibwerere yopindidwa, m'pepala lake, monga inalili.
3. Munda wawo wa mapira wa kuseri kwa chulu ukufunika kusosa mvula isanagwe.

Ndaomba m'manja kuseri kwa nkhokwe. Munda umenewo ndimaudziwa. Umayamba pa chulu, kothera kwake sindinafikeko.

Za pa mjigo lero: mlendo akumatenga maneti ena n'kuwaika m'majumbo akuluakulu, kulemba nambala pamwamba. Amayi akuti ndi umboni wa kukhoti. Mayi wina akuti ayi, mchemwali wake wa tsidya la msewu anam'landa yakale n'kum'patsa yatsopano. Amuseka onse. Boma linayamba liti kupereka mphatso kwa wong'amba katundu wake?

Inenso ndaseka.

Lachisanu

Kumunda kwa apongozi kuyambira kusanache. Nthaka yauma gwa, khasu likudumpha ngati ndikumenya msewu. Zitsa za mapira a chaka chatha, minga, chitedze. Pofika nthawi yoti mthunzi wathawira pansi pa mapazi ndatembenuka kuona pomwe ndachoka. Chulu chikadali pafupi.

Apongozi abwera kudzaona. Auza mbuzi kuti kale anyamata ankalima.

Masana kutsegula pepala. Neti yoyera, yonunkhira sitolo. Paja a Fombe anati yatsopano iyambe yayanikidwa pamthunzi tsiku lathunthu. Tsiku lathunthu ndilibe. Ndayanika kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kupendeka, ine nditaima pompo kuthamangitsa mbuzi. Ndaigwira kwambiri, kenako ndapukuta thukuta kumaso. Nkhope ikuyabwa ngati ndasamba tsabola. Ndiye kuti mankhwala alimo. Ndakondwa, uku ndikukanda.

Kumangirira. Misomali m'khoma la dothi sikugwira, ndikakhoma ikutuluka ndi chibuma chake. Ndamanga ku mitengo ya denga ndi luzi. Ngodya zinayi, zonse zofanana. Yafika pansi, yatsalako yopinda kunsi kwa mphasa. Ndaima pakhomo kuiyang'ana. Nyumba yathu ikuoneka ngati chipatala cholipira.

Kuyeserera mayankho. Ine ndikufunsa, amake Marita akuyankha.
- Munalandira liti? Chaka chatha.
- Mumagonamo? Tsiku lililonse.
- Ilipo ina? Palibe.
- Mukudziwa aliyense wopha nsomba ndi neti ya udzudzu? Sitinamvepo.

Amake akuti funso lomalizali ndiyankhe ndekha, iwo amapita ku tchalitchi. Akutinso neti ikuoneka yatsopano kwambiri, mizere ya mopindidwa ikuoneka, bwanji tiipake fumbi pang'ono. Ndakana. Ya apongozi! Komanso woyendera amafuna kuona chinthu chosamalidwa. Ukamapita kukagulitsa thonje supaka matope.

Ndasesa bwalo. Ndabisa nkhafi ya Zuze yopalasira bwato imene inali kuseri kwa chitseko. Matemba otsala ndawapereka kwa aneba kuti m'nyumba musamveke kanthu.

Lamulo loyamba likuti ndisagonemo. Mphasa yanga ndayala pakhonde.

Loweruka

Marita wadzuka mochedwa. Ndam'yang'ana masaya, miyendo, kumsana. Palibe kachiphuphu katsopano ngakhale kamodzi. Amake akuti sanalire n'komwe. Ine manja ndi makutu zatupa.

A Tadala afika ndi a Fombe dzuwa litakwera pang'ono. Aodira ali patali, avula chipewa, apereka moni kwa apongozi atagwada. Apongozi auza nkhuku kuti ana ena analeredwa.

Ndawapatsa mpando. Akana, akhala pa mphasa. Ayamba ndi kunena kuti iwo si dokotala, si wapolisi, ndi mwana wa sukulu chabe. Akuti ndikhoza kukana kuyankha. Ndinamva kale kuti amayamba choncho.

Mafunso ndi omwe aja. Ndayankha onse osapunthwa. Chaka chatha. Tsiku lililonse. Palibe ina. Sitinamvepo. Amake Marita akuyang'ana denga.

Alowa m'nyumba. Atulutsa kathabwa koyezera zibowo, azungulira neti, akabwezera m'chikwama osakagwiritsa ntchito. Agwira pa mzere wa mopindidwa. Andiyang'ana. Afunsanso mofatsa ngati palibe ina yakale, ngakhale yong'ambika, ngakhale ili kwina. Ndati palibe, ife timasamala.

Akuti: "Mwasamaladi, bambo. Iyi sinditenga, ikadali yatsopano. Inu simukufunika ina."

Ina?

Afotokoza uku akumanga chikwama. Chimene akufuna ndi maneti akale, otopa. Amadula tizidutswa, n'kuikapo udzudzu wawo wa shuga uja, kuti aone ngati mankhwala akuphabe. Akufunanso kudziwa kumene maneti amapita akachoka m'nyumba, ndi chifukwa chake, kuti akuluakulu ogawa adziwe kuti neti imatha liti kuno kuchigwa, osangoganizira ali mu ofesi. Ndipo aliyense amene am'tengera yakale amam'siyira yatsopano, kuti asagone pamtunda.

A Fombe akuti ananena zimenezi Lolemba pa kachipatala. Lolemba ine ndinali kuyang'ana shuga.

Ndafuna kulankhula. Apongozi ali pomwepo, a Fombe ali pomwepo, ndangomaliza kulumbira kuti palibe ina. Ndawaperekeza mpaka pa msewu ndikukamba za kutentha.

Amake Marita atenga ndowa n'kupita ku mjigo, ndowa yake yodzaza kale.

Madzulo nkhani yafika mothamanga kuposa njinga. A Tadala anatsikira ku dambo. Zuze anawalandira ngati achibale. Anawaonetsa miyala, mabatire, patapata, kakokedwe kake, mtengo wa ukonde weniweni ku sitolo, zonse. Akuti analemba mpaka cholembera chinatha, anabwereka cha a Fombe. Kenako anasankha neti imodzi yoti atenge. Yofupika, yonunkha mandimu, yosokedwa ndi ulusi wa feteleza. Akuti anaijambula mbali zonse. Anafunsa mwini wake. Zuze anati ndi yake, anachita kupatsidwa pamaso pa mboni.

Sananame.

Ndapalasa njinga mpaka pa mtengo wa nimu. Ndawapeza akumwetsa udzudzu. Ndanena zonse, kuyambira masiku awiri a Zuze mpaka sutikesi ya apongozi. Sanaseke. A Fombe ndiwo anapita kuseri kwa chipatala kukatsokomola.

A Tadala akuti za kufufuta mwana m'buku la sikelo kulibe, sizinakhaleponso, Marita apite ku katemera tsiku lake. Apa mtima watsika. Akuti koma maneti atsopano anabwera nawo owerengeka, yomaliza ndi imene yapita kwa Zuze. Anam'pempha kuti imeneyo ikhale yogonamo, iye analonjeza. Akuti adzabweranso mvula ikatha. Apepesa kawiri. Kenako apempha ngati ndingalole kuti alembe nkhani yangayi popanda dzina, akuti mantha amenewa ndi ofunika kuti akuluakulu awadziwe.

Ndalola. Zuze wapeza neti, ine ndalowa m'buku.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinapite. Nkhope ikadali yotupa mbali imodzi, ndipo anthu amva kale.

M'mawa kupita kwa Zuze. Kunyumba kulibe. Mkazi wake akuti ali ku dambo. Sindinafunse zambiri, pepala la neti yatsopano lili pa chitseko, atsekera pobooka.

Masana wabwera yekha, wanyowa mpaka m'khosi. Ndisanatsegule pakamwa: "Mlamu, Marita ndi mwana wanga, neti imeneyo ndi yake, palibe wokana. Ndangobwereka masiku awiri okha." Akuti yatsopanoyi ikugwira ngakhale tiana ta matemba. Wasiya nsomba m'mbale, zambiri kuposa masiku onse.

Kupinda neti ya apongozi. Ndapinda, sikulowa m'pepala. Ndapindanso, ndakhalira, ndapondereza ndi mtondo. Pepala lang'ambika. Anthu a ku fakitale amapinda bwanji?

Kuseri kwa nkhokwe kachiwiri, nkhope ku khola. Amake Marita apereka neti ndi pepala padera.

Apongozi atembenuza neti ndi pepala long'ambikalo uku ndi uku. Kenako auza galu kuti chinthu chotsegulidwa sichisungikanso, mlendo sungam'patse chogona kale ena. Auza galu kuti dzulo anaona masaya a mdzukulu wawo ali osalala koyamba chibadwire. Ndiye neti imangidwe m'nyumba mwawo, mwana ndi amake azigona kumeneko mpaka mvula ithe, kapena mpaka ena apeze yawo. Iwo azigona pambali, kunja kwa neti, paja imatentha.

Ndaomba m'manja. Nanga n'kutani? Mwana agona motetezeka, ndicho ndimafuna Lolemba.

Luzi ndi langa lomwe lija. Ndalipereka pa khomo, amake Marita akamanga okha, ine m'nyumba ya apongozi sindilowa. Ndikumva Marita akuseka mkatimo. Amake atuluka kudzatenga zofunda ndi kapu ya mwana, andisiyira nsomba zowotcha ndi mawu oti ndisaiwale kutseka nkhuku.

Kum'mwera mitambo yada, mphepo ikununkhira mvula. M'nyumba mwatsala mphasa imodzi ndi mabowo a misomali m'khoma. Dzuwa silinalowe n'komwe, udzudzu wayamba kale kuimba kukhutu. Wa a Tadala umamwa shuga. Wa kuno uli ndi ine.

Mawa kudzuka msanga. Munda wa apongozi watsala woposa theka.